Chimbale chimodzi, zaka zitatu zosiyana: cholondola n'chiti?

Funso: Ndili ndi mbale zakale za galamafoni zomwe ndinapatsidwa kwathu, ndipo ziwiri mwa izo zikundizunguza mutu. Choyamba ndi chimbale cha Miles Davis chotchedwa Steamin'. Ena amalemba kuti ndi cha 1961, ena 1956, koma pa foni panga chikuonetsa chaka china cha posachedwapa. Komanso John Coltrane akumveka m'menemo, chonsecho ndinawerenga kuti pofika 1961 anali atachoka kale m'gulu la Miles. Chachiwiri ndi Otis Blue cha Otis Redding: nyimbo ya I've Been Loving You Too Long ya pa mbale yanga sikufanana ndi yomwe ndimamva pa intaneti. Kodi mbale zangazi n'zachinyengo? Nanga chimbale chenicheni n'chiti? Ndine bambo wa ku Zomba.

Yankho: Achimwene, khazikani mtima pansi, zimene mwaonazo si chizindikiro cha chinyengo. Zaka zonse zitatu mwatchulazo zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, chifukwa chilichonse chikunena chake. 1956 ndi chaka chimene oyimba analowa m'situdiyo. 1961 ndi chaka chimene kampani inadinda mbale n'kuziika m'masitolo. Cha pa foni panucho kawirikawiri chimakhala cha pamene wina anatenganso nyimbo zakalezo, n'kuzikonza, n'kuzitulutsanso. Ife tinazolowera kuti woyimba akajambula mwezi uno, mwezi wamawa tikumva kuti akukhazikitsa chimbale, ndiye timaona ngati kujambula ndi kutulutsa n'chinthu chimodzi. Ku America kwa m'ma 1950 ndi 1960 sizinkayenda choncho nthawi zonse. Woyimba akangomaliza kuyimba, tepi inkakhala katundu wa kampani, ndipo mwini kampani ndiye ankasankha tsiku lotulutsa, nyimbo zoikamo, dzina la chimbale, ngakhale chithunzi cha pachikuto. Mukaona mpata waukulu pakati pa kujambula ndi kutulutsa, musayambe n'kufufuza za luso la woyimba. Yambani mwafunsa kuti tepiyo inali ya ndani, ndipo mwini wakeyo ankafuna ndalama liti.

Steamin' chinabadwa chifukwa cha ngongole. Mu July 1955 Miles Davis analiza lipenga lake pa chikondwerero cha jazz cha ku Newport mogwira mtima kwambiri moti George Avakian wa kampani yaikulu ya Columbia anamufuna. Koma Miles anali adakali pa kontirakiti ndi Prestige, kampani yaing'ono ya Bob Weinstock, ndipo panali zimbale zingapo zomwe anali asanawapatse. Mbali zonse zinamvana kuti Columbia iyambe kumujambula, koma isatulutse kanthu mpaka kontirakiti ya ku Prestige itatha. N'chifukwa chake chimbale chake choyamba cha ku Columbia, 'Round About Midnight, chinayamba kujambulidwa mu October 1955 koma chinatuluka mu March 1957.

Ngongoleyo Miles anaibweza mwaliwiro. Pa 11 May ndi pa 26 October 1956 anatenga gulu lake kupita ku Hackensack, m'chigawo cha New Jersey, kwa Rudy Van Gelder, injiniya wojambula nyimbo. Mkuluyu ntchito yake ya masana inali yopima anthu maso, ndipo situdiyo yake inali pabalaza pa nyumba ya makolo ake. M'gulumo munali Coltrane pa sakisofoni, Red Garland pa piyano, Paul Chambers pa besi ndi Philly Joe Jones pa ng'oma. Prestige sinkalipira oyimba masiku okonzekera monga inkachitira kampani inzake ya Blue Note, choncho anyamatawa anangoyimba nyimbo zomwe ankayimba usiku ndi usiku m'makalabu, iyi ikatha n'kulowa ina, zambiri mwa izo kamodzi kokha osabwereza. Masiku awiri okhawo anabala nyimbo zoposa 20, zokwanira zimbale zinayi. Mukadzapeza Relaxin', chimodzi mwa zimbale zinayizo, tcherani khutu pakati pa nyimbo: mudzamva Miles akulamula ndi mawu ake osasa aja, ndipo pena Coltrane akufunsa chotsegulira botolo la mowa. Umu ndi mmene zinthu zinalili m'chipindamo.

Weinstock sanali wopusa kuti athire zimbale zinayi pamsika tsiku limodzi. Anadziwa kuti Columbia iwononga ndalama zambiri potchukitsa dzina la Miles, ndiye iye anangokhala phee n'kumatulutsa chimodzichimodzi. Cookin' chinatuluka mu 1957, Relaxin' mu 1958, Workin' patatha zaka zoposa zitatu chijambulireni, ndipo Steamin' chinabwera pomaliza mu 1961. Columbia inkalima, Prestige n'kumakolola nawo. Ngakhale manambala a pachikuto amaonetsa mpatawo: 7094, 7129, 7166 ndi 7200. Komanso musaganize kuti chimbale chilichonse ndi tsiku limodzi la m'situdiyo. Pa nyimbo zisanu ndi imodzi za mu Steamin', zisanu n'za mu May, imodzi yokha, Well, You Needn't, ndi ya mu October. Anazisanja choncho ndi a kampani. M'mutu mwa Miles munalibe chimbale chotchedwa Steamin' pa tsiku limene ankayimba.

Ndiye za Coltrane munawerenga zoona. Anachoka m'gulu la Miles mu 1960 atabwerako ku ulendo wa ku Ulaya, ndipo pamene Steamin' chinkafika m'masitolo iye anali atatulutsa kale Giant Steps ndi My Favorite Things m'dzina lake ku kampani ya Atlantic. Amene mukumumva pa mbale yanuyo ndi Coltrane wa zaka 29, akadali kufunafuna njira yake, pena kuyamba chiganizo n'kuchisiya panjira. Munthu wotsata zaka zotulutsira zimbale angaganize kuti mkuluyu luso linabwerera m'mbuyo mu 1961, pamene kwenikweni akumvera zinthu za zaka zisanu zapitazo. Coltrane mwiniwake zinamuchitikira kambirimbiri. Prestige inapitiriza kutulutsa matepi ake a 1957 ndi 1958 kwa zaka zambiri, mpaka chimbale cha Bahia, chojambulidwa mu 1958, chinatuluka mu 1965, chaka chomwecho chimene chimbale chake chotchuka cha A Love Supreme chinatuluka. Atlantic nayo inatenga nyimbo zomwe anajambula m'sabata imodzi ya October 1960 n'kuzigawa: My Favorite Things mu 1961, Coltrane Plays the Blues mu 1962, Coltrane's Sound mu 1964. Kwa ine, aliyense wofuna kumvetsa mmene woyimba wa jazz anakulira ayenera kusanja nyimbo zake potsata tsiku lojambula. Tsiku lotulutsa limakuuzani zambiri za kampani kuposa za woyimbayo.

Chinthu chimodzi choti muyang'ane pa Steamin' chanucho: nyimbo za 1956 zija zinajambulidwa mu mono yekha, kutanthauza kuti mawu onse ali m'njira imodzi. Mbale za stereo zinayamba kufala mu 1958. Stereo itatenga msika, makampani ambiri, Prestige yomwe, ankatenga matepi a mono n'kuwapotoza ndi makina kuti amveke ngati akuchokera m'masipika awiri, mawu okhuthala uku, opyapyala uko. Ngati chikuto chanu chalembedwa stereo, ndiye kuti muli ndi mbale yodindidwa pambuyo pake, ya stereo yongopanga, ndipo lipenga la Miles limamveka ngati lili patali. Yang'ananinso kampata kosalala ka pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala la pakati pa mbale. Mukaona zilembo RVG kapena dzina loti VAN GELDER, ndiye kuti Van Gelder yemweyo ndi amene anadula chikombole chomwe anadindira mbaleyo, ndipo osonkhanitsa mbale amaifuna yotere.

Nkhani ya Otis Blue ndi ina, ndipo khutu lanu silinakunamizeni. Chimbalechi chinajambulidwa pa 9 ndi 10 July 1965 ku situdiyo ya kampani ya Stax mumzinda wa Memphis, m'nyumba yomwe kale inali yoonetseramo kanema, pansi pake potsetsereka. Pafupifupi zonse zinatheka m'maola 24, ndipo pakati pake anaimikira kaye kuti oyimba a m'situdiyo akayimbe m'makalabu momwe anali atalonjeza kale, kenako anabwerera usiku womwewo. Otis anali ndi zaka 23. Omuthandiza kuyimba anali Steve Cropper pa gitala, Donald "Duck" Dunn pa besi, Al Jackson Jr. pa ng'oma, Isaac Hayes pa piyano, ndi oliza malipenga monga Wayne Jackson, Andrew Love ndi Floyd Newman. Ku Stax sankalemba manotsi papepala. Otis ankang'ung'udza ndi pakamwa zomwe akufuna kuti malipenga anene, anyamatawo n'kugwira pomwepo. Nyimbo zitatu za m'menemo n'za woyimba wina wotchuka, Sam Cooke, yemwe anali ataphedwa mu December 1964, miyezi isanu ndi iwiri yokha m'mbuyomo. Chimbalechi chinatuluka pa 15 September 1965 pansi pa dzina la Volt, nthambi ya Stax, nambala 412, ndipo pachikuto sanaikepo Otis koma nkhope ya mkazi wachizungu. Nayonso inali nzeru ya malonda.

Koma nyimbo mwaitchulayo siinayambire pa masiku awiriwo. I've Been Loving You Too Long inali itajambulidwa kale ndipo inatuluka payokha pa kambale kakang'ono mu April 1965. Nthawi imeneyo Stax inkajambula mu mono basi. Pofika July, Tom Dowd, injiniya wa Atlantic wochokera ku New York, anali atawaikira makina a njira ziwiri. Tepi ya April inalibe njira yachiwiri yoti aigawe, choncho pofuna chimbale cha stereo anaiyimbanso nyimboyo kuyambira poyamba. Zotsatira zake n'zakuti panali zimbale ziwiri za Otis Blue m'masitolo, za chikuto chimodzi: cha mono chokhala ndi mayimbidwe a April omwe anthu ankawadziwa pa wailesi, ndi cha stereo chokhala ndi mayimbidwe a July. Zonse n'za Otis, zonse n'za 1965. Inuyo muli ndi chimodzi pa mbale, pa intaneti mukumva chinzake. Mu 2008 kampani ya Rhino inaziphatikiza zonse ziwiri m'phukusi limodzi la ma CD, ndipo pamenepo mukhoza kuzifanizira bwinobwino.

Mukandifunsa kuti ndingasankhe chiti, ndinena mono mosazengereza. Jim Stewart, mwini Stax, ankakonza nyimbo akuganiza za wailesi ya sipika imodzi ndi makina oliza mbale a m'mabala. M'mono, ng'oma ya Al Jackson, besi ndi malipenga zimamenya pamodzi ngati chinthu chimodzi. Stereo ya njira ziwiri ya nthawi imeneyo imaunjika zoyimbira zina kukhutu limodzi, zina kukhutu linzake, ndipo pa mahedifoni imatopetsa. Koma uku n'kukonda kwanga, sikuti cha stereo n'chabodza.

Pali chikhulupiriro chimene ndikufuna ndikuchotseni, chakuti mbale yoyamba kudindidwa ndiyo imasunga zoona zonse. Kind of Blue cha Miles Davis, chimbale cha jazz chimene chagulidwa kwambiri, chimatsutsa zimenezi. Chinajambulidwa pa 2 March ndi pa 22 April 1959 mu situdiyo ya Columbia ya pa 30th Street ku New York, yomwe kale inali tchalitchi, ndipo chinatuluka pa 17 August chaka chomwecho. Columbia inkayendetsa makina awiri a tepi nthawi imodzi, ena ngati odikirira. Pa tsiku loyamba lija, makina omwe tepi yake anaigwiritsa ntchito podinda mbale za stereo ankayenda mochedwa pang'ono. Tepi yojambulidwa mochedwa mukailiza pa liwiro loyenera imathamanga, ndipo mawu amakwera. Choncho nyimbo zitatu za mbali yoyamba, So What, Freddie Freeloader ndi Blue in Green, zinkamveka zokwera ndi pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa makiyi awiri oyandikana a piyano. Ophunzira oyimba motsatira mbale kunyumba ankadabwa kuti bwanji zida zawo sizikugwirizana ndi mbaleyo. Cholakwikacho chinakonzedwa mu 1992, patatha zaka 33, atabwerera ku tepi ya makina achiwiri aja. Apa ndiye kuti CD ya m'ma 1990 ili pafupi ndi zomwe zinamveka m'chipindamo kuposa mbale ya stereo ya 1959, yomwe anthu amaigula ndi ndalama zankhaninkhani. Pa chikuto choyambacho ngakhale dzina la Cannonball Adderley, mmodzi mwa oliza sakisofoni m'chimbalechi, analilemba molakwika.

Nthawi zina kusintha kwa m'mapeto kumachokera kwa woyimba mwini, ndipo pamenepo ndimaima ndi woyimbayo. Marvin Gaye anayamba kujambula nyimbo ya What's Going On mu June 1970 ku situdiyo ya kampani ya Motown ku Detroit. Berry Gordy, mwini Motown, sanafune kuitulutsa, poopa kuti nyimbo yokamba za nkhondo ndi zipolowe iwononga dzina la woyimba yemwe anthu ankamudziwa ndi nyimbo zachikondi. Marvin anakana kujambula china chilichonse mpaka nyimboyo ituluke. Inatuluka mu January 1971, ndipo inagulidwa mofulumira moti Gordy yemweyo anatembenuka n'kufuna chimbale chathunthu m'masiku 30. Zambiri mwa nyimbo zotsalazo zinajambulidwa m'masiku khumi a mwezi wa March. Ngakhale chizindikiro chachikulu cha chimbalechi, mawu awiri a Marvin akuyankhana okhaokha, chinayamba mwangozi: iye anayimba nyimboyo kawiri kuti adzasankhe yabwino, injiniya analiza zonse ziwiri pamodzi, ndipo Marvin atamva anati zikhale choncho.

Mu April chimbalecho chinasakanizidwa ku Detroit, chili chire kupita kokadindidwa. Marvin, yemwe pa nthawiyo anali ku California, sanakhutire. Anaitanitsa matepi, nawasakanizanso ku Los Angeles kumayambiriro kwa May, kuwonjezera zina, kusintha malo a mawu ake, ndipo zimenezo ndizo zinatuluka pa 21 May 1971. Kasakanizidwe ka ku Detroit kanakhala m'nkhokwe zaka 30 mpaka kanatulutsidwa mu 2001. N'kosangalatsa kumva, kouma pang'ono, ng'oma ndi besi zili poyera. Anthu ena amati ndiko koyambirira, ndiye ndiko kenikeni. Ine ndimakana. Koyambirira inde, koma mwini nyimbo anakamva n'kukasiya. Onani kusiyana kwake ndi Steamin': uko wosankha anali Weinstock, kuno anali Marvin. Musanatche chimbale kuti chenicheni, dziwani kaye amene ananena mawu omaliza.

Pali zina zomwe kampani inangozitsekera osazitulutsa n'komwe. Pa 12 January 1963 kampani ya RCA inajambula Sam Cooke akuyimba ku Harlem Square Club ku Miami, pamaso pa anthu akuda anzake, mawu ali osasa, anthu akukuwa, King Curtis akuliza sakisofoni. Akuluakulu a kampani anaona kuti Cooke ameneyu ndi waukali kwambiri poyerekeza ndi njonda yofatsa yomwe ankagulitsa kwa azungu. Tepiyo inakhala zaka 22, n'kudzatuluka mu 1985, mwini wake atamwalira kalekale. M'malo mwake anthu a nthawiyo anapatsidwa Sam Cooke at the Copa cha 1964. Ku Blue Note, chomwe chinatsekereza zimbale za woliza lipenga Lee Morgan chinali kupambana kwake komwe. The Sidewinder, chojambulidwa pa 21 December 1963, chinagulidwa kuposa mmene kampaniyo inkayembekezera, ndiye anafuna zina zovinika ngati chimenecho. Search for the New Land, chojambulidwa mu February 1964, chozama kwambiri, chinadikira mpaka 1966, ndipo Tom Cat cha August 1964 chinatuluka patatha zaka zoposa 15, Morgan atafa kale mu 1972.

Zonsezi zikubwerera kwa mwini tepi, ndipo palibe amene anaphunzira zimenezi mowawa kuposa a Stax. Mu 1965, chaka chomwecho cha Otis Blue, Jim Stewart anasaina mgwirizano woti Atlantic izigulitsa mbale za Stax m'dziko lonse. Mkati mwake munali ndime yopereka matepi onse a nyimbo zimenezo kwa Atlantic. Stewart anadzazindikira zimenezi Atlantic itagulidwa ndi Warner Bros.-Seven Arts mu 1967. Pa 10 December chaka chomwecho Otis anafa pa ngozi ya ndege m'nyanja ya Monona ku Wisconsin, patangopita masiku ochepa chimalizireni kujambula (Sittin' On) The Dock of the Bay, yomwe inatuluka pa 8 January 1968. Pofika May 1968 makampani awiriwa anasiyana, ndipo Stax inatsala yopanda woyimba wake wamkulu, yopandanso nyimbo zake zakale. Zimbale za Otis zomwe zinatsatira, The Immortal Otis Redding cha 1968, Love Man cha 1969 ndi Tell the Truth cha 1970, zinatuluka pansi pa Atco, nthambi ya Atlantic, ndipo zonse n'za nyimbo zomwe anasiya atajambula. Al Bell, yemwe anatenga utsogoleri wa Stax, anachita kutulutsa zimbale 27 nthawi imodzi mu 1969 kuti kampaniyo ikhalenso ndi chogulitsa, ndipo mwa izo munali Hot Buttered Soul cha Isaac Hayes. Mpaka lero Otis Blue chili m'manja mwa Warner, osati mwa amene ali ndi dzina la Stax.

Kukhala mwini tepi sikutanthauza kuisamala. Mu February 1978 moto unapsereza nyumba yomwe Atlantic inkasungiramo matepi ku Long Branch, New Jersey. Matepi omalizidwa a zimbale zotuluka kale anapulumuka chifukwa anali ku New York, koma matepi zikwizikwi a m'situdiyo, okhala ndi nyimbo zosatulutsidwa ndi mayimbidwe obwereza, anapsa. Mu June 2008 moto wina unagwira nkhokwe ya Universal ku Los Angeles, momwe munali matepi a makampani akale monga Chess, Decca ndi Impulse!, ndipo kukula kwa zowonongekazo anthu ambiri anadzakumva mu 2019 nyuzipepala ya New York Times italemba. Zina sizinachite kupsa, anangozitaya pofuna malo m'nkhokwe. N'chifukwa chake zambiri zomwe zikutuluka masiku ano monga zotayika zikuchokera m'makope. Nyimbo zomwe Coltrane anajambula pa 6 March 1963 zinatuluka mu 2018 monga Both Directions at Once, kuchokera pa kope ya mono yomwe Van Gelder anamupatsa kuti akamvere kunyumba, n'kusungidwa ndi abale a mkazi wake woyamba, Naima. Konsati ya woliza piyano Thelonious Monk ndi Coltrane ya ku Carnegie Hall ya pa 29 November 1957 inajambulidwa ndi wailesi ya Voice of America, ndipo inapezeka mu 2005 m'matepi a Library of Congress, nyumba yaikulu yosungiramo mabuku ya boma la America.

Nkhani ya makopeyi ikukhudzanso mbale zanu. Kampani ya ku America ikagulitsa chilolezo kunja, sinkatumiza tepi yeniyeni. Inkatumiza kope, ndipo a ku London kapena ku Johannesburg ankadula chikombole chawo kuchokera pa kopeyo, nthawi zina n'kusintha chikuto, nambala, ngakhale dzina la kampani la papepala la pakati. Werengani timalemba tating'ono ta m'mphepete mwa pepalalo muone dziko lomwe mbale yanu inadindidwira. Ikakhala ya kunja kwa America si yachinyengo, yangokhala sitepe imodzi kutali ndi tepi yoyamba. Ndipo makope oterewa musawapeputse. Pamene ankakonzanso A Love Supreme mu 2002, tepi yabwino koposa inali kope yomwe inatumizidwa ku kampani ya EMI ku London mu 1965.

Tsopano chaka cha pa foni chija. Mbale zambiri za ku America za nthawi ya Steamin' sizinkalembedwa chaka chotulutsira. Kachizindikiro ka P wozunguliridwa, kotsatiridwa ndi chaka, kanayamba kufala kumeneko mu 1972, lamulo loteteza nyimbo zojambulidwa litayamba kugwira ntchito. Makampani akamaika nyimbo pa Spotify kapena YouTube, nthawi zambiri amalemba chaka cha pamene anakonzanso mawu ake, ndiye chimbale cha 1961 chimaoneka ngati cha dzana. Palinso china. Ku Ulaya nyimbo zojambulidwa zinkatetezedwa zaka 50. Mu 2013 anawonjezera kufika zaka 70, koma zomwe nthawi yake inali itatha kale sanazibwezere. Motero chilichonse chotuluka chisanafike chaka cha 1963 aliyense kumeneko akhoza kuchitulutsa osapempha kwa mwini tepi. Steamin' chili m'gulu limeneli, Otis Blue ayi. Ichi n'chifukwa chake mukafufuza Steamin' mumapeza makope angapo a zikuto zachilendo ndi mayina a makampani omwe simunawamvepo. Amenewa alibe tepi ya Van Gelder. Amakopera pa CD ya ena kapena pa mbale yakale, ndipo ena amachita kupukuta phokoso mpaka zitsulo za ng'oma za Philly Joe Jones kumveka ngati zakutidwa ndi nsalu.

Pomvera pa foni, tsikirani pansi pa mndandanda wa nyimbo muwerenge dzina la mwini. Pa Steamin' funani lolembedwa Prestige, Fantasy, Concord kapena Craft Recordings, chifukwa Fantasy inagula Prestige mu 1971, Concord n'kudzagula Fantasy mu 2004, ndipo matepi anayenda nawo. Pa Otis Blue funani Atlantic kapena Rhino, muonenso ngati palembedwa mono kapena stereo. Ngati mukufuna kumva masiku awiri a 1956 aja motsatana, osati monga anawaduliradulira Weinstock, mu 2006 kunatuluka phukusi lotchedwa The Legendary Prestige Quintet Sessions lomwe linasanja nyimbozo potsata masiku ojambulira. Yambani ndi za pa 11 May, kenako mulumphire za pa 26 October, ndipo khutu lanu likhale pa Coltrane yekha. Pa miyezi isanu yokhayo mawu a sakisofoni yake analimba, ndipo ziganizo zomwe mu May ankazisiya panjira, mu October akuzifikitsa kumapeto.